Za Anthu Opanga Mphepo

Ndifuna kukamba nanu za chinthu chimene tonse tichidziwa, koma palibe ndi mmodzi yemwe anachiona ndi maso, ndicho mphepo. Nkhani yanga iyambira ku England, pa malo otchedwa Ferrybridge m'chigawo cha Yorkshire. Kumeneko anali kumanga chinyumba chopangira magetsi ndi malasha, ndipo pambali pake anaimikapo nsanja 8 zoziziritsira madzi otentha ochokera m'makina. Nsanja yotere maonekedwe ake ali ngati mtondo, yaikulu pansi, yoning'a m'chiuno, ndi yotambasuka pang'ono kukamwa, koma m'kati mwake muli mphako yokhayokha. Iriyonse inali yotalika mamita 114, ndipo chipupa chake cha konkire chinali chochindikala masentimita osakwana 13. Mukalinganiza ndi kukula kwa nsanjayo, chigoba cha dzira n'chochindikala kuposa chipupa chimenecho.

Pa 1 November 1965 kunaomba mphepo yamphamvu yochokera kumadzulo, imene nthawi zina inafika makilomita 137 pa ola, ndiwo mailosi 85. Tsiku lomwelo nsanja zitatu zinagwa, ina pambuyo pa inzake, ndipo zisanu zotsalazo zinaonongeka kwambiri. Chimene chinadabwitsa anthu n'chakuti nsanjazo zinali zatsopano, ndipo omanga ake anali ndi masamu ochokera ku kachifanizo kamene kanayesedwa mu mphepo ya makina. Chinanso, nsanjazo zinaima m'mizere iwiri, ndipo zimene zinagwa sizinali za kutsogolo kumene mphepo inali kuchokera iai, koma za kumbuyo, zimene munthu akanati n'zotchinjirizidwa ndi zinzake. Nanga chinalakwika n'chiani?

Tisanayankhe funsoli tiyambe tadziwa mphamvu ya mphepo. Ambiri a ife tiyesa kuti mpweya ulibe kulemera, koma si tero. Bokosi la mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi mumsinkhu likadzala mpweya, mpweyawo ulemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi magalamu 200. Chotero m'chipinda chophunziriramo cha mamita 8 m'litali, 7 m'lifupi ndi 3 mumsinkhu muli mpweya wolemera ngati matumba anai a chimanga a makilogalamu 50. Tsono katundu wotereyu akathamanga nagunda khoma, khomalo liyenera kumva ndithu. Lamulo lake ndi ili, ndipo ndikupemphani muligwire bwino pakuti nkhani yonse yatsamira pa ilo: liwiro la mphepo likakula kawiri, mphamvu yake yokankha siikula kawiri iai, koma kanai, likakula katatu, mphamvu ikula ka 9. Pa liwiro lija la makilomita 137 pa ola, mphepo ikankha malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi ngati mwasanjikapo katundu wa makilogalamu pafupifupi 90.

Mphepo ikanakhala yoyenda mofanana nthawi zonse monga lamba wa pa chigayo, nchito ya injiniya ikanakhala yapafupi. Koma taimani pa chulu m'mwezi wa February mupenye munda wa chimanga mphepo iri kuomba. Chimanga sichiwerama chonse pamodzi. Muona apa chagwada, apo chaima chiriri, kenaka dera logwada lija liyenda kudutsa mundawo monga funde, lina lalikulu ngati bwalo la mpira, lina laling'ono ngati mphasa. Penyaninso madzi a mumtsinje akadutsa pa mwala, umo azungulirira kuseri kwake. Mphepo ya pafupi ndi nthaka iri chimodzimodzi. Pokhulana ndi mitengo, mapiri ndi nyumba imabvunduka, nidzala ndi akamvuluvulu osaoneka, ena a msinkhu wa mamita mazanamazana, ena ochepa ngati njere ya mapira. Kamvuluvulu wotere akamadutsa pamene mwaima, mumva ngati mphepo yakumenyani mwadzidzidzi nilekanso. M'nkhani ino ndidzazitcha nkhonya za mphepo, pakuti ndimo zimvekera m'thupi.

Oyeza nyengo ali ndi kachida ka timakapu titatu tozungulira pa mlongoti wa mamita 10. Liwiro limene iwo alemba kawirikawiri ndi lapakati, ndiko kuti avareji ya maminiti 10. Koma mukaona mzere weniweni umene kachidako kajambula, uli ngati mano a sowo yothyoka, wokwera ndi kutsika popanda dongosolo. Pa malo oyera opanda mitengo yambiri, nkhonya yaikulu ya masekondi atatu imaposa avareji ija ndi pafupifupi theka lake. Chitani nokha samuyo: imodzi ndi theka kuchulukitsa ndi imodzi ndi theka, mupeza kuti mphamvu yaposa kawiri. Munthu womanga moyang'ana avareji yokha ali ngati wooloka mtsinje chifukwa wamva kuti madzi ake ambiri alekeza m'maondo.

Mmodzi wa anthu oyamba kuyeza nkhonya zimenezi anali Benjamin Baker, amene anamanga mlatho wa Forth ku Scotland. Iye anali ndi chifukwa chochitira mantha. Pa 28 December 1879 mlatho wa Tay, m'dziko lomwelo, unagwa usiku kuli namondwe pamene sitima yapamtunda inali kuoloka, ndipo palibe anapulumuka mwa onse anali m'sitimamo. Tsono Baker anaimika matabwa oyezera mphepo pa kachilumba ka Inchgarvie, pakati pa madzi amene anafuna kumangapo. Limodzi linali lalikulu, mapazi 20 m'litali ndi 15 m'lifupi, ndipo ena anali aang'ono ngati thireyi. Atayeza zaka zingapo anapeza kuti pa namondwe mmodzi yemweyo timatabwa tating'ono timalandira mphamvu yaikulu pa phazi lirilonse kuposa thabwa lalikulu lija. Chifukwa chake mwachiona kale m'munda wa chimanga muja. Nkhonya yaing'ono ikuta kathabwa konse nthawi imodzi, koma pa thabwa lalikulu imenya ngodya imodzi pamene ngodya ina iri kupuma. Mlatho wa Forth unatsegulidwa mu 1890 ndipo sitima ziyendapo kufikira lero.

Pali chinthu china choopsa kuposa kukula kwa nkhonya, ndicho nthawi yake. Yense amene anasewerapo katungwe adziwa kuti mwana wamng'ono akhoza kukweza mkulu wake m'mwamba ndithu, malinga amkankhe pang'onopang'ono pa nthawi yoyenera. Nyumba yosanja, chumuni cha fakitale ndi mlatho, chirichonse chiri ndi kagwedezekedwe kakekake monga katungwe. Nyumba ya mamita 200 itenga masekondi anai kapena asanu kupita uku ndi kubwerera. Ngati mu mphepo muli nkhonya zobwera pa masekondi anai kapena asanu alionse, zingakhale zofooka, nyumbayo idzazisankha pakati pa zinzake zonse niyamba kubvina nazo. Ndiponso chinthu choima mu mphepo chimadzipangira akamvuluvulu akeake, amene athothoka kuseri kwake mosinthana, wina kumanja, wina kumanzere. Ndicho chifukwa mawaya a magetsi amalira mluzu mphepo ikamaomba, ndipo Vincenc Strouhal anayeza kulira kwa waya kumeneku kale mu 1878. Apa wina adzakumbukira chithunzi chija cha mlatho wa Tacoma ku America, umene unapotoka ngati chingwe nugwa pa 7 November 1940. Koma umenewo mlandu wake ndi wina pang'ono, pakuti mphepo inali ya makilomita osakwana 70 pa ola, ndipo kupotoka kwa mlathowo ndiko kunali kudziitanira mphamvu ina kuchokera mu mphepo.

Tsopano tibwerere ku Ferrybridge. Bungwe lofufuza linapeza kuti zolakwa zinali zingapo. Omanga anawerengera avareji ya miniti imodzi, osasamala nkhonya zazifupi. Kachifanizo kamene anatengako masamu kanali ka nsanja imodzi yoima payokha, chonsecho zenizenizo zinali 8 zothithikana. Mphepo popanikizika pakati pa nsanja za kutsogolo inaonjeza liwiro nibvunduka koopsa, ndipo ndi mphepo yobvundukayo imene inagwera za kumbuyo. Panalinso kanthu kena kobisika. Mphepo ikakankha nsanja yotere imafuna kuzula mbali yoyang'ana kumene iri kuchokera, ndipo chimene chiletsa ndi kulemera kwa konkire. Zitsulo za m'chipupa zimangosenza chotsala, mphamvu ya mphepo mutachotsapo kulemerako. Tiyerekeze kuti mphepo izula ndi mphamvu ya 110 ndipo konkire ipondereza ndi 100. Zitsulo zisenza 10. Mphepo ikaonjeza pang'ono chabe nifika 130, zitsulo zisenza 30, ndiko katatu. Manambalawa ndi ongoyerekeza, koma msampha wake unali wotero.

Tsono injiniya achite chiani? Sangathe kumanga nsanja yeniyeni nadikira zaka 50 kuti namondwe wamkulu adzaiyese. Ayenera kudzipangira mphepo yakeyake, ndipo mphepo yopangayo ikhale ndi nkhonya zofanana ndi za kunja. Apa ndipo pali mutu wa nkhani yanga.

Njira yoyamba ndi ngalande ya mphepo, imene pa Chingerezi aitcha wind tunnel. Ndi chibokosi chachitali chotsekedwa pamwamba ndi m'mbali, chokhala ndi chokupiza chachikulu choyendera magetsi kumapeto kwake. Ngalande zakale zinamangidwira kuyesa ndege, ndipo popeza ndege iuluka m'mwamba moyera, eni ake anali kunyadira mphepo yosalala yopanda nkhonya. Omanga nyumba anangobwereka ngalande zomwezo. Amene anaonetsa poyera kuti kutero n'kulakwa anali Martin Jensen wa ku Denmark. Iye anayeza mphepo pa kanyumba koima pabwalo, nayezanso kachifanizo kake m'ngalande, naona kuti manambala sagwirizana. Koma atayala zinthu zokhakhala pansi pa ngalandeyo, zochepetsedwa monga momwe kanyumbako kanachepetsedwera, manambala anagwirizana. Analemba zimenezi mu 1958, ndipo phunziro lake n'lakuti mukachepetsa nyumba muchepetsenso dziko limene mphepo yadutsamo.

Munthu amene anaikuza nchito imeneyi ndi Alan Davenport, amene anabadwira ku India mu 1932, nakulira ku South Africa, nagwira nchito yake ku Canada kufikira imfa yake mu 2009. Mu 1964 iye ndi Jack Cermak wa ku Colorado anayesa zifanizo za nsanja ziwiri za World Trade Center za ku New York, zomwe zija zinagwetsedwa ndi zigawenga mu 2001. Ndipo mu 1965, chaka chomwecho cha tsoka la ku Ferrybridge, anatsegula ngalande yake pa University of Western Ontario. Ngalande za mtundu umenewu n'zazitali mamita makumi angapo. Polowera mphepo aimikapo matabwa osongoka ngati mikondo, ndipo pansi ponse ayalapo timidadada tambirimbiri, tatifupi ngati afuna mphepo ya ku dambo, tatitali ngati afuna ya pakati pa mzinda. Mphepo ikamafika kumapeto imakhala itabvunduka yokha, yofooka pansi ndi yamphamvu m'mwamba, monga ichitira kunja.

Kumapetoko kuli thebulo lozungulira, ndipo pakati pake aika chifanizo cha nyumba, chochepetsedwa mwina ka 400, kotero kuti nyumba ya mamita 200 ikhala theka la mita. Pozungulira pake amangapo zifanizo za nyumba zonse zoyandikana nayo, pakuti phunziro la ku Ferrybridge silinaiwalike. Chifanizocho chiri ndi timabowo mazanamazana, ndipo kabowo kalikonse kali ndi kapaipi kopita ku chida choyeza kukankha ndi kukoka kwa mpweya kambirimbiri pa sekondi imodzi. Akatha kuyeza atembenuza thebulo pang'ono nayezanso, kufikira mphepo yaomba kuchokera mbali zonse 36. Chimene chinandikondweretsa ine koposa n'chakuti m'ngalandemo nthawi nayonso imachepa. Ngati nyumba yachepetsedwa ka 400 ndipo liwiro la mphepo lachepetsedwa kanai, nthawi ifupika ka 100. Chotero namondwe wa ola lathunthu atha pa masekondi 36, ndipo injiniya aona anamondwe ambiri tiyi wake asanazizire.

Njira yachiwiri siifuna chokupiza kapena matabwa. Mphepo yake ndi ya manambala okhaokha m'kompyuta. Poyamba ndinayesa kuti zimenezi n'zosatheka, pakuti munthu angalembe bwanji chinthu chopanda dongosolo? Yankho lake analikonza Davenport yemwe uja mu 1961, ali kuphunzira ku Bristol. Iye anati tisabvutike ndi kulosera nkhonya iriyonse payokha, pakuti palibe angathe. Msodzi wa ku nyanja sadziwa kutalika kwa funde liri kudzalo, koma adziwa bwino lomwe khalidwe la mwera, kuti mafunde ake akula chotani ndi kuti atsatana motani. Momwemonso mphepo iri ndi khalidwe losasinthasintha. Mukayeza anamondwe ambiri mupeza kuti mphamvu yochuluka iri mu nkhonya zazikulu zochedwa, zotenga pafupifupi miniti imodzi, ndipo nkhonya zikamafupika mphamvu yao ichepa motsata lamulo lodziwika. Ndandanda yoonetsa mphamvu ya mtundu uliwonse wa nkhonya aitcha spectrum, ndipo pali ndandanda zingapo zodziwika ndi maina a eni ake, monga ya Davenport, ya Kaimal ndi ya von Kármán.

Tsono ndandanda imeneyi isanduka bwanji mphepo? Apa tithandizidwa ndi Joseph Fourier wa ku France, amene m'buku lake la mu 1822 anaonetsa kuti mzere wokhotakhota ukhoza kumangidwa pophatikiza mafunde osalala ambiri. Ganizani za anthu 1,000 oimba ng'oma pa bwalo limodzi. Aliyense ali ndi kaimbidwe kake kosasintha, wina afulumira, wina achedwa, wina aimba mokweza, wina motsitsa, ndipo aliyense wayamba pa nthawi yakeyake. Ngakhale palibe ndi mmodzi yemwe wosokoneza, wakumva ali patali angomva chiphokoso chokwera ndi kutsika, ndipo nthawi zina ambiri akagundizana pamodzi chimveka chimkokomo chachikulu. Chimkokomo chimenecho ndiyo nkhonya ija igwetsa nsanja. Kompyuta ichita chimodzimodzi. Itenga mafunde osalala mazanamazana, nipatsa lirilonse msinkhu wake monga ndandanda ija inenera, koma poyambira pa funde lirilonse ipasankha mwa maere. Ikawaphatikiza onse nionjezapo avareji, patuluka mzere wa mano a sowo umene ngakhale katswiri sangausiyanitse msanga ndi wa kachida ka timakapu kaja. Amene anaikhazikitsa njira imeneyi pakati pa mainjiniya ndi Masanobu Shinozuka wa pa Columbia University, m'zolemba zake za mu 1971 ndi 1972.

Mukhoza kuyesa nokha pa pepala la timabokosi. Jambulani funde lalitali lobwereza pa masekondi 20, lina lapakati la masekondi 7, ndi lina lalifupi la masekondi atatu, lirilonse liyambire pamene mufuna. Phatikizani misinkhu yao pa sekondi iriyonse mujambule mzere wachinai. Ndi mafunde atatu okha mudzaona kale kuti mzerewo wayamba kusokonekera. Mnzanu akayamba mafunde ake pa malo ena adzapeza mzere wosiyana ndi wanu, koma ukali wake udzakhala wofanana. Ubwino wa njirayi ndi umenewu: mukasintha maere mupeza namondwe watsopano wa khalidwe lomwe lija, ndipo mukhoza kupanga anamondwe ochuluka monga mufunira.

Koma mzere umodzi sukwanira, pakuti nyumba siiri kadontho. Pafunika mzere wa pa nsanjika yachisanu, wina wa pa nsanjika ya 20, wina wa pa denga, ndipo mizereyi ikhale pa ubale woyenera. Apa ndipo matabwa a Baker abweranso. Malo awiri oyandikana amva nkhonya zazikulu pamodzi, koma tinkhonya tating'ono aliyense amva take. Malo otalikirana agawana zazikulu zokhazokha. Injiniya akapatsa malo onse mzere umodzi womwewo, ndiye kuti mphepo yake imenya nyumba yonse nthawi imodzi, ndipo adzaononga ndalama za mwini wake pogula zitsulo zosafunika. Akapatsa malo alionse mzere wosagwirizana konse ndi unzake, nkhonyazo zidzafafanizana pa pepala, masamu adzaonetsa kuti zonse ziri bwino, ndipo kulakwa kumeneku ndiko kumapha anthu. Chotero maere a malo oyandikana amamangidwa pamodzi, molimba pa mafunde ochedwa ndi molekerera pa ofulumira. Kunena zoona, gawo limeneli ndilo lobvuta pa nchito yonseyi, ndipo ndi pamene pafunika kuyeza kwenikweni pa milongoti ya kunja.

Mizere ikakonzeka, aisandutsa mphamvu potsata lamulo lija la kawiri ndi kanai, naikankhira pa chifanizo cha nyumba chimene chiri m'kompyuta momwemo. Kompyuta iwerenga kagawo kakang'ono ka sekondi, niona pamene nyumba yafika, niwerenganso kagawo kena, kufikira maminiti 10 kapena ola latha. Kenaka asintha maere nabwerezanso. Opanga makina opukusa magetsi ndi mphepo, aja a mapiko atatu, amadalira kwambiri njira imeneyi, ndipo malamulo ao afuna kuti pa liwiro lirilonse ayese mphepo za maminiti 10 zosachepera 6, pakuti namondwe mmodzi akhoza kukhala wachifundo mwangozi.

Njira imeneyi iri ndi chilema chimodzi chachikulu. Mphepo ya maereyi ndi mphepo yobwera; siidziwa kuti kutsogolo kwake kuli nsanja. Ikanagwiritsidwa nchito yokha ku Ferrybridge, siikanaona zimene mzere wa kutsogolo unachitira wa kumbuyo. Pofuna kuona zimenezo pali njira yachitatu, yogawa mpweya wonse wozungulira nyumba m'timabokosi mamiliyoni ambiri ndi kuwerenga umo mpweya uyendera kuchoka m'kabokosi kena kulowa m'kanzake. Malamulo a kayendedwe kameneka analembedwa kale ndi Navier mu 1822 ndi Stokes mu 1845, koma kuwatsata mpaka pa kamvuluvulu wotsiriza n'kosatheka. Lewis Fry Richardson mu 1922 ndi Andrey Kolmogorov mu 1941 anafotokoza kuti akamvuluvulu aakulu amasweka nabala aang'ono, aang'onowo nabalanso ena, kufikira ochepa ngati milimita imodzi. Kuti mugawe mpweya wa kilomita imodzi mbali zonse m'timabokosi ta milimita imodzi, pafunika timabokosi tochuluka ngati 1 wotsatidwa ndi maziro 18. Chotero akatswiri atsata nzeru imene Joseph Smagorinsky anayamba nayo mu 1963: awerenga akamvuluvulu aakulu okha, ndipo za aang'ono angoyerekeza mphamvu imene iwo amadya. Taonaninso kuti pa khomo lolowera m'timabokosimo payenera kuthiridwa mphepo yobvunduka kale, ndipo kawirikawiri imeneyo ndi mphepo ya maere yomwe ija. Chotero njira ziwirizi zigwirana manja.

Ngakhale makompyuta akula chotere, pa nyumba zazitali kwambiri mau otsiriza akali a ngalande. Nyumba ya Burj Khalifa ku Dubai, yotalika mamita 828, imene inatsegulidwa mu 2010, zifanizo zake zinayesedwa kambirimbiri m'ngalande za kampani ya RWDI ku Guelph m'dziko la Canada. Mukaona chithunzi chake muona kuti imachepa mwa masitepe ozungulira pokwera m'mwamba. Si kukongoletsa chabe iai. Popeza kukula kwake kusintha pa msinkhu uliwonse, akamvuluvulu othothoka kuseri kwake sangathe kutsatana pa nthawi imodzi, ndipo katungwe wokankhidwa ndi anthu osamvana sakwera.

Mwina wina adzati zonsezi n'za m'maiko a nyumba zosanja. Koma timabowo tija taphunzitsanso za nyumba zazifupi zonga zathu. Mphepo ikagunda khoma nikwera pa denga siipondereza malata iai, koma iwakoka m'mwamba, ndipo kukokako n'koopsa koposa pa ngodya ndi m'mphepete mwa denga, makamaka mphepo ikadzera cha pa ngodya. Kukhoza kukhala kwa kamphindi kosakwana sekondi, koma n'kokwanira kuzula msomali, ndipo lata limodzi likatukuka mphepo ipeza pogwira. Chitseko kapena zenera la mbali ya mphepo likatseguka, mpweya wolowa ukankhanso denga kuchokera pansi. Ndicho chifukwa denga limayamba kusasuka pa ngodya, ndipo mmisiri wodziwa amathinitsa misomali pamenepo namangirira mitengo ya denga ku khoma ndi waya kapena chitsulo.

Koma mphepo imene isasula madenga a sukulu ndi matchalichi kuno kwathu poyamba dzinja siiri ngati anamondwe a ku England oomba tsiku lonse. Kawirikawiri imadza ndi mvula ya mabingu. Mpweya wozizira ugwa kuchokera mumtambo monga madzi okhutulidwa mu ndowa, nugunda pansi, numwazikira mbali zonse. Ted Fujita wa ku Chicago ndiye anaifotokoza bwino mphepo yotere m'zaka za m'ma 1970. Imatha pa maminiti owerengeka, ndipo ukali wake uli pafupi ndi nthaka, osati m'mwamba. Apa avareji ya maminiti 10 iribe tanthauzo lenileni, ndipo oimba ng'oma athu aja, amene aimba mofanana kuyambira poyamba mpaka potsiriza, sangaitsanzire popanda kuwasintha. Pa yunivesite ija ya Davenport anamanga chipinda cha ngodya 6 chotchedwa WindEEE Dome, chokhala ndi zokupiza zoposa 100 m'makoma ndi kudenga, kuti athe kugwetsa mpweya kuchokera pamwamba ndi kupanga akamvuluvulu enieni. Nchito imeneyi ikali m'kati.

Za ku Ferrybridge zinatha motere. Nsanja zitatu zija zinamangidwanso, ndipo zonse 8 zinalimbitsidwa. Pofika mu 1972 malamulo omangira a ku Britain anali atasintha, nayamba kuwerengera nkhonya yaikulu yoyembekezeka kamodzi pa zaka 50: ya masekondi atatu pa malata ndi mazenera, ya masekondi asanu pa nyumba zapakati, ndi ya masekondi 15 pa zazikulu, monga matabwa a Baker ananenera. Nsanjazo zinaima zaka 50 osagwanso. Chinyumba cha magetsicho chinatsekedwa mu 2016, ndipo nsanja zinagwetsedwa dala ndi mabomba, zisanu mu 2019 ndi zitatu zotsiriza mu 2022, anthu a m'deralo ataima patali kuonerera.